Kiyi wa Pakhosi pa a Diretori

"Ndati sinditsekula, Neide. Kapena ndinene m'Chipwitikizi kuti umve?"

A Jeremiya Bwanausi ananena izi atakhala pabokosi lenilenilo, lachitsulo lobiriwira, limene linkakhala pabalaza pawo. Nsapato imodzi inali kuphazi, ina m'manja. Iwo anali mkulu wa sukulu ya pulayimale ya kwa Jabiri, kufupi ndi nyanja ya Amaramba, ndipo anthu onse, ndi asodzi omwe, ankawatchula kuti a Diretori. Mwana wawo Neide, yemwe ankaphunzitsa kalasi yachisanu pasukulu yomweyo, anali ataima pakhomo chikwama chili paphewa, akudikira shapa, minibasi yopita ku Insaca.

"Ababa, sindikupempha onse. Asanu okha. Ana azigwira m'magulu ine ndili pomwepo, madzulo ndizibweza."

"Khasu lobwereka silichedwa kuguluka. Anasayina kuti walandira matabuleti makumi awiri ndani? Iwe?"

"Ndinu."

"Ndiye eni ake akadzabwera adzapeza makumi awiri, opanda ndi kokandika komwe. Manja a ana a kuno ukuwadziwa. Azichokera kopala mamba a nsomba n'kumadzatosa galasi la boma?"

"Eni ake ndi anawo, Ababa. Dona Benedita amatiuza Loweruka lililonse ku formasau kuti..."

"Dona Benedita sanasayine."

Mayi Rabeca, amayi ake a Neide, anali pakhonde akusenda chinangwa, ndipo makutu awo sankasowa chochita.

"Usadzithere malovu, mwana wanga," anatero. "Bambo akowa njinga yawo inachita dzimbiri ili m'mapepala a kusitolo. Taona mbale zili m'kabatizo. Tinagula ku Nayuchi chaka chomwe tinkabwerera kuchokera ku Malawi, iwe usanabadwe. Akuti n'za alendo. Alendo abwera, apita, ena mpaka tawaika m'manda, koma mbale zikudikirabe alendo enieni."

"Inu mayi a Neide, nkhani za boma musalowetsemo mbale."

"Ndangonena. Pakamwa pokha ndiye simunandiikire loko."

Nkhani yake inali yotere. Chaka chathacho bungwe lina linagawa matabuleti m'sukulu zingapo za m'boma la Mecanhelas, pamodzi ndi sola yotchajira. Chaka chino linaitana mphunzitsi mmodzi pasukulu iliyonse kuti Loweruka azikaphunzira ku Insaca, kulikulu la bomalo, kagwiritsidwe kake, komanso momwe angaphunzitsire ana kuganiza mwa dongosolo, kuphwanya ntchito yaikulu m'timagawo ndi kusaka pomwe palakwika. Kwa Jabiri kunasankhidwa Neide. Maphunzirowo akamatha, Dona Benedita, amene ankawatsogolera, anayenera kubwera kudzamuonerera akuphunzitsa ana ndi matabuletiwo. Akakhoza adzalandira setifiketi, n'kukhala wophunzitsa aphunzitsi anzake m'dera lonse la kunyanja. Mtsikanayo anaika mtima wake wonse pamenepo, moti ngakhale potunga madzi ankayankhula yekha za ku formasau, monga ankawatchulira maphunzirowo.

Koma matabuleti anali m'bokosi, bokosi linali lokhoma, ndipo kiyi anali pachingwe chakuda pakhosi pa a Bwanausi, m'kati mwa malaya. Ankagona naye, ankasamba naye, kutchalitchi ankapita naye.

Tisawanamizire, a Bwanausi sanali mbava. Sanatengepo ndi kachidutswa ka choko komwe kupita nako kunyumba. Vuto lawo linali loopa chinthu chatsopano. Unyamata wawo unathera kukampu ya othawa nkhondo, kumene chinthu ukachiwononga china sichibwera. Ndipo panali kenanso kamene sakanakaulula ngakhale kwa akazi awo: makinawo sankadziwa ndi poyatsira pomwe. Munthu wa imvi zake, mkulu wa sukulu, aziima pamaso pa ana kwinaku mwana wobereka yekha akumuuza kuti dinani apa? Ayi ndithu, bola akhale m'bokosi.

Shapa inaliza hutala kumsewu.

"Ndapita, Ababa."

"Uyende bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono zina zimafera m'chigoba anthu akudikira maso," anatero Mayi Rabeca, osadzutsa mutu.

Tsiku lina m'kati mwa sabata a Bwanausi anamva phokoso kubwalo la sukulu, n'kusuzumira pawindo la ofesi. Neide anali atalemba timabokosi pamchenga ndi ndodo, mizeremizere ngati bawo lalikulu. M'timabokosi tina anaikamo miyala, kuti ndiwo matope. Kumapeto anaika dengu, kuti ndiwo msika. Mtsikana wina wamtali, dzina lake Zakiya, anali atamangidwa nsalu m'maso. Iye ndiye anali makina, ndipo ntchito yake inali kuchita zokhazo zimene wauzidwa. Anzake anali atagwirizana kale malamulo oti amufikitse kumsika.

"Patsogolo! Patsogolo! Khotera kumanja! Patsogolo!"

Zakiya anaponda mwala. Bwalo lonse linafa ndi phwete.

"Musamuseke," anatero Neide. "Makina salakwa, amangomvera. Olakwa ndinu mwawatumanu. Bwererani poyambira, muyende nalo lamulo limodzilimodzi mpaka mupeze lomwe lamugwetsera m'matope."

Ana anaunjikana, akukangana, akuloza pansi. A Bwanausi anangozindikira kuti nawonso akuwerenga timabokosi ndi chala pawindo, ndipo lamulo lolakwikalo anali atalipeza anawo asanalipeze. Mtima wawo unasangalala kwabasi. Kenako anakumbukira kuti ndi a Diretori, n'kutseka windo.

Madzulo ake, atakhala pakhonde, anayamba okha nkhaniyo.

"Ndakuona lero, Neide. Ana akumva. Nanga ukuliriranji matabuleti poti mchenga ukukwanira?"

"Mchenga ndi poyambira chabe, Ababa. Zili ngati kuphunzitsa mwana kupalasa bwato lili pamtunda. Tsiku lina ayenera kulowa m'madzi. Patabuleti ana amasanja malamulo omwewa, kachinthu kojambulidwa n'kumayenda pagalasi momwe akatumira. Akalakwitsa amaona okha, amakonza okha. Zimenezo n'zimene akubwera kudzaona."

"Adzaona. Tsikulo ndidzawaonetsa ndekha, adziwe kuti kwa Jabiri timasunga."

"Tsiku lomwelo? Ana asanagwirepo n'kamodzi komwe? Komanso a Stélio, amene amatikonzera makina ku formasau, anati batire ikakhala miyezi osatchaja, pamalo otentha, imatupa n'kufa. Bokosilo n'lachitsulo, Ababa, denga n'lamalata, ndipo uno ndi Okutobala."

A Bwanausi anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwamva, mayi a Neide? Akuti chinthu chimafa chifukwa chosachigwira. Chibadwire ine ndimadziwa kuti nsapato imatha ndi kuyenda, khasu limatha ndi kulima. Zakutha ndi kupuma ndazimva lero."

"Nanga mwendo wanu uja," anafunsa Mayi Rabeca, "mutaugoneka m'chikhakha mwezi wathunthu, unadzuka ukuthamanga?"

"Mwendo si katundu wa boma."

Apa Neide anatsika pampando n'kugwada pamaso pa bambo ake.

"Ababa, ndikupempha ngati mwana wanu, osati ngati pulofesora wa kalasi yachisanu. Anzanga a ku Entre Lagos ana awo ayamba kale kupanga timasewera tawotawo. Dona Benedita akandifunsa kuti kwanu zikuyenda bwanji, ndimati zikuyenda bwino. Ndikunama Loweruka lililonse, Ababa, ndipo inu simunandilere wabodza."

Mawuwo anawalasa a Bwanausi. Mwanayu ankamukonda koposa ana awo onse, ndipo kumuona atagwada pasimenti kunawapweteka. Dzanja lawo linakwera lokha mpaka pakhosi, n'kukhudza chingwe. Koma pomwepo anadziona ataima m'kalasi, tabuleti ili m'manja chadodolido, ana akubisa nkhope m'madesiki. Dzanja lija linatsika.

"Dzuka, mwana wanga. Mawu a akulu akoma akagonera. Udzandithokoza."

Tsiku la alendo litayandikira, sukulu inakhala ngati pali ukwati. Ana anasesa mpaka kuseri kwa zimbudzi. Anapaka njereza miyala ya m'mbali mwa njira ndi matsinde a mango omwe. A Bwanausi anayang'anira okha ntchitoyo, ndipo masana aliwonse ankaimitsa maphunziro kuti ana akonzekere nyimbo yolandirira alendo. Nthawi yonseyo bokosi linali phee pabalaza, litafunditsidwa nsalu yoluka. Dzulo lake Neide anapempha komaliza kuti angowatchajako. Anayankhidwa kuti chinthu chatsopano chimabwera ndi moto wake kuchokera kufakitale.

M'mawa wa tsikulo a Bwanausi anachita zinthu ziwiri zimene sanachitepo. Anatsekula loko wa bokosi, n'kubwezera kiyi m'malaya. Kenako anauza akazi awo kuti aphe tambala ndi kutulutsa mbale za ku Nayuchi zija.

"Ha! Ambuye ngwamkulu," anatero Mayi Rabeca. "Ndimayesa ndidzaziona zikudyeredwa pamaliro anga."

Galimoto inafika dzuwa litakwera. Munatsika Dona Benedita, mayi wamfupi wovala magalasi, ndi a Stélio atanyamula chikwama cha zipangizo. Nyimbo inaimbidwa, ndipo inakoma. Amuna awiri a komiti ya makolo analowetsa bokosi m'kalasi la Neide atalinyamula wina kumutu wina kumiyendo, moti amayi ena pawindo anaseka kuti likuoneka ngati la maliro. M'kalasimo munali ana, aphunzitsi onse ndi makolo ochuluka. A Bwanausi anakonza tayi, n'kukweza chivundikiro.

"Onani, Dona Benedita. Momwe munatipatsira. Ndi pulasitiki yomwe sitinachotse."

Anadikira kuwomba m'manja. Dona Benedita anavula magalasi, n'kuwavalanso.

A Stélio anatenga katoni yoyamba. Atang'amba pulasitiki, munatuluka nyerere zili piringupiringu. Tabuleti inali itatupa pamimba ngati mkate, galasi litasiyana ndi thupi lake. Anatsekula yachiwiri, chimodzimodzi. Yachitatu sinatupe, koma anaidina, anailumikiza kusola, anaigwedeza, osaphethira. M'kalasi munkangomveka kung'ambika kwa mapulasitiki. Mdala wina wa komiti ananong'oneza mnzake, koma onse anamva: "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Pa makumi awiri aja, anayaka anayi okha.

"Pulofesora Neide," anatero Dona Benedita motsitsa mawu. "Loweruka lililonse mumandiuza kuti kuno zikuyenda bwino. Ana awa anagwirapo tabuleti?"

"Sanagwirepo, Dona."

"A Stélio anakuuzani za mabatire?"

"Anatiuza."

"Nanga kiyi wa bokosili amasunga ndani?"

A Bwanausi anamva kiyi uja akuwaotcha pachifuwa. Aliyense m'chipindamo ankadziwa yankho, ndi ana a kumbuyo omwe. Neide anayang'ana anawo, anayang'ana makolo, kenako anayang'ana bambo ake ataima pafupi ndi bolodi ndi tayi yawo ya patchalitchi.

"Ndimasunga ine," anatero Neide. "Ndinkaopa kuti ana awononga."

Dona Benedita anamuyang'anitsitsa. Maso awo anachoka pa Neide n'kukatera pakhosi pa a Bwanausi, pomwe chingwe chakuda chinkaonekera pamwamba pa kolala.

"Ndifunsenso, kuti ndilembe zoona. Kiyi amasunga ndani?"

Mawu anali pakamwa pa a Bwanausi, awiri okha, koma makolo anali pawindo, aphunzitsi anali pakhomo, ana anali pamaso pawo. A Bwanausi anangoyang'ana nyerere zikuyenda pansi.

"Ndanena kale, Dona," anatero Neide.

"Chabwino. Ine ndilemba zimene ndamva."

Neide anapempha kuti awaonetseko phunziro la pamchenga. Dona Benedita anaonerera mpaka kumapeto, ndipo anati ana a kwa Jabiri ali ndi mitu yakuthwa kuposa a kwina konse kumene anayendako. Koma anati limenelo ndi theka chabe la ntchito, ndipo setifiketi sangapereke pa theka, makamaka kwa mphunzitsi amene wavomera yekha kuti anatsekera makina mpaka kufa. Matabuleti anayi amoyo aja anati apite ku Entre Lagos, kumene ana akugwiritsa ntchito. Akufa aja a Stélio anawalongedza m'galimoto. A Bwanausi anawatsatira mpaka pachitseko, akunena za nkhuku imene yaphikidwa kunyumba, koma Dona Benedita anati ali ndi sukulu ina yoti afikeko.

Kunyumba anapeza tebulo litayalidwa. Mbale zoyera za maluwa m'mphepete zinali mbee. Mayi Rabeca anali atamva kale zonse, pakuti mbiri kwa Jabiri siidikira shapa.

"Khalani, bambo a Neide. Alendo enieni abwera, apita osadya. Idyani ndinu."

"Mayi a Neide, musandiwonjezere."

"Ndikuwonjezereni chiyani? Mwana wavula nsalu yake pagulu kuti akufunditseni inu, inu n'kulandira. Munthu wamkulu, tayi pakhosi! Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma inu mwalewa, nkhonya n'kugwera mwana."

"Ndimafuna kuyankhula. Mawu anandithawa."

"Kutsutsa za batire mawu munali nawo odzaza dengu."

Neide analowa mochedwerako, maso ali ofiira. Anafuna kudutsa kupita kuchipinda, koma bambo ake anamuitana.

"Neide, unaneneranji zimene zija?"

"Ndikanati ndinu, mawa mukanaima bwanji pamzere pamaso pa ana? Ndinu bambo anga. Sindikanakuvulani pagulu."

"Ndiye bwenzi utangokhala chete."

"Ndinayankha funso langa, Ababa. Koma Dona Benedita anafunsa kawiri. Kachiwiri kaja sankafunsa ine."

A Bwanausi anawerama. Chisoni chinawagwira chenicheni, chosowa nacho pothawira, ndipo manyazi anaposa chisonicho.

"Lolemba ndipita ku Insaca," anatero. "Ndikawauza zonse. Ndikawauza kuti unagwada pano, ine n'kukana."

Tambala uja anadyedwa ndi ana a oyandikana nawo nyumba.

Lolemba njinga inapezeka yaphwa. Lolemba linzake kunali mayeso, ndipo mkulu wa sukulu sangachoke pa mayeso. Kenako kunagwa mvula yoyamba, iwo n'kuti msewu wawonongeka, ngakhale ogulitsa nsomba ankaudutsa m'mawa uliwonse ndi madengu panjinga. Zoona zake n'zakuti akaganiza zokaima pamaso pa mayi wa magalasi uja n'kunena kuti ndine, ankangopeza chifukwa china chotsalira. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ali m'kati mozengereza, ku Insaca anagawa masetifiketi, ndipo udindo wophunzitsa aphunzitsi a kunyanja unapita kwa munthu wina wa sukulu ya kutsidya kwa dambo. Neide sanapite kumwamboko. Tsikulo anachapa zovala za nyumba yonse, ndi zoyera zomwe.

Sukulu itatsekedwa, Neide anauza makolo ake kuti wagwirizana zosinthana malo ndi mphunzitsi wina wa ku Entre Lagos, yemwe kwawo n'kunyanja kuno, ndipo a boma avomera. Azikakhala kwa azakhali ake pafupi ndi siteshoni ya sitima. Kumeneko kuli matabuleti amoyo, ndipo mwina chaka chamawa akamulola kuyambiranso maphunziro aja.

"Nanga ana ako a pamchenga?" anafunsa bambo ake.

"Mchenga ulipo, Ababa. Ndodo ilipo. Malamulo ake munawaona pawindo."

"Mulekeni apite," anatero Mayi Rabeca, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, makamaka dziwelo likakhala ndi loko."

M'mawa wonyamuka a Bwanausi anamunyamulira chikwama mpaka kumsewu. Njira yonse ankafunafuna mawu, koma onse amene ankabwera anali achidiretori. Anadutsa pamiyala ija ya njereza, mvula itayamba kale kuitsuka. Shapa itaonekera patali, anaika chikwama pansi, n'kupisa dzanja m'kolala. Chingwe chinakola khutu, anachikoka, chinatuluka. Pakhosi panatsala mzere woyererako pomwe chinkadutsa.

"Tenga, mwana wanga," anatero. "Anali wako kuyambira kale. Ndinalakwa ine."

Neide anayang'ana kiyi uja ali m'dzanja la bambo ake. Sanakwiye, ndipo mwina kukwiya kukanakhala bwinoko.

"M'bokosimo mwatsala chiyani, Ababa?"

"Makatoni. Ndi mapulasitiki aja."

Mtsikanayo anagwira dzanja la bambo ake ndi manja awiri, n'kulipinda zala pang'onopang'ono mpaka kiyi anabisika m'katimo.

"Sungani, Ababa. Tsalani bwino. Muziwathandiza amayi kumunda."

Anakwera. Wothandiza dalaivala anaponya chikwama pamwamba pa madengu a nsomba, n'kumenya chitseko kuti tiyeni. A Bwanausi anaima pamenepo mpaka phokoso la shapa linazilala kumakhota a ku Insaca. Kenako anatembenuka kubwerera kunyumba, kiyi ali m'manja, alibe chilichonse choti akatsekule.